Kugawa Madzi a Mtsinje Mosaiwala Nsomba ndi Nyama

Madzi amene anthu a ku Luwinga amatunga pampopi amachokera ku damu la Lunyangwa, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la Northern Region Water Board, ndipo damulo limadzaza ndi madzi otsika m'mapiri a nkhalango ya Kaning'ina. Madzi opitirira damulo amayenda mumtsinje wa Lunyangwa nkukathira mu Kasitu, Kasituyo nkukathira mu South Rukuru kufupi ndi Rumphi, kenaka onse amalowa m'nyanja ya Malawi, imene imatulukira mu Shire mpaka kukafika ku Zambezi m'dziko la Mozambique. Dera lonse limene madzi ake a mvula amatsikira mumtsinje umodzi limatchedwa chigwa cha mtsinjewo, kotero kuti Luwinga ali m'chigwa chaching'ono cha Lunyangwa, komanso ali m'chigwa chachikulu cha Zambezi chimene chimakhudza maiko asanu ndi atatu.

Pokonza dongosolo la madzi a m'chigwa, akatswiri amayamba ndi kuyeza, ndipo amatero poimika m'mphepete mwa mtsinje chitsulo cholembedwa manambala chimene munthu amawerenga tsiku ndi tsiku kuti aone pamene madzi alekeza. Manambala a zaka zambiri akasonkhanitsidwa amaonetsa kuchuluka kwa madzi m'dzinja ndi kuchepa kwake mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kuchokera pamenepo nkotheka kuwerengera gawo la akumwa, la alimi a m'madimba, la mafakitale monga a ku Luwinga, ndi gawo loyenera kutsala mumtsinje. Gawo lotsalalo ndilo limaiwalika msanga, popeza nsomba ndi akatumbu sapita kumsonkhano, ndipo anthu ambiri amaona ngati madzi amene apitirira osatungidwa angotayika.

Madziwo ali ndi ntchito yake, ndipo ntchitoyo imadalira nthawi imene akuyenda mofanana ndi mmene imadalirira kuchuluka kwake. Nsomba za mpasa ndi sanjika zimakhala m'nyanja ya Malawi, koma zimakwera mitsinje monga Bua ndi North Rukuru kukaswana, ndipo zimaikira mazira pa timiyala toyera pamene madzi akuyenda. Mtsinje ukaphwa nsomba zisanamalize kuswana, kapena matope ochokera m'minda yolimidwa mpaka m'gombe akakwirira timiyalato, mazira amafa, ndipo msodzi wa kunyanja, amene sanaonepo mundawo, ndiye amabwerera ndi ukonde wopepuka. Nawo madzi osefukira m'dzinja sali oipa nthawi zonse, chifukwa ndiwo amadzaza madambo ndi zithaphwi mmene mumamera bango ndi msipu. Nyanja yaing'ono ya Kazuni, m'nkhalango ya Vwaza kumalire ndi Zambia, imadalira madzi a South Rukuru, ndipo chilimwe chikafika pachimake mvuu zimapanikizana m'madzi otsalawo pamene njovu zimabwera kudzamwa pomwepo.

Pa chifukwa chimenechi damu lokonzedwa bwino limakhala ndi potulutsira madzi pansi pa khoma, kuti ngakhale m'miyezi youma mtsinje wa kumunsi usaduke. Dongosolo labwino silithera pakhoma la damu, chifukwa mitengo ya ku Kaning'ina ikatha ndi makala mvula imathamanga pamwamba pa nthaka mmalo molowa pansi, mtsinje nkudzaza mwaukali masiku ochepa kenaka nkuuma msanga. Kukumba mchenga ndi kuumba njerwa m'madambo a mumzinda kumachitanso chimodzimodzi, pakuti dambo ndilo limasunga madzi nkumawatulutsa pang'onopang'ono m'chilimwe. Lamulo la madzi la 2013 linakhazikitsa bungwe la National Water Resources Authority, limene limapereka zilolezo kwa otunga madzi ambiri mumtsinje, ndipo chilolezocho chimanena mlingo umene munthu kapena kampani sayenera kupyola.

Nkhani imakula mtsinje ukadutsa malire a dziko, popeza wa kumtunda angathe kutseka madzi wa kumunsi osadziwa. Ku Liwonde, pa mtsinje wa Shire, kuli zitseko za Kamuzu Barrage, zomangidwa mu 1965, zimene zimatsegulidwa ndi kutsekedwa poganizira magetsi a ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, koma madzi omwewo ndiwo amafika ku dambo la Elephant Marsh asanalowe m'Mozambique. Damu la Cahora Bassa m'chigawo cha Tete, limene linatha kumangidwa mu 1974, linachepetsa kusefukira kwa chaka ndi chaka kumathiriro a Zambezi, ndipo madambo a ku Marromeu, kumene kumadya njati, anayamba kuuma, nazonso nsomba zinachepa.

Pofuna kuti zotere zizikambidwa ntchito isanayambe, maiko ambiri a m'chigwa cha Zambezi anapanga pangano ku Kasane m'dziko la Botswana mu 2004, ndipo panganolo linayamba kugwira ntchito mu 2011, nkubala bungwe la ZAMCOM limene likulu lake lili ku Harare. Maiko a m'bungweli ndi Angola, Botswana, Malawi, Mozambique, Namibia, Tanzania, Zambia ndi Zimbabwe. Mwa zina, panganolo limafuna kuti dziko limene likukonza damu lalikulu kapena ulimi waukulu wothirira lidziwitse anzake pasadakhale, ndiponso kuti maikowo azigawana manambala a mvula ndi a kuya kwa mitsinje, kuti wotsegula zitseko kumtunda adziwe chimene madziwo akachite akafika kumunsi.