Khadi la Moni

Ana inu, palibe mudzi kuno kunyanja umene ulibe munthu wake kutali. Kale amuna ambiri a dziko lino ankapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Johannesburg ndi ku Salisbury, mzinda umene lero utchedwa Harare. Njanji itafika ku Salima m'chaka cha 1935, ulendo wao unapepukirapo. Ena anabwerako ndi katundu, koma ena anaiwala kwao, ndipo anthu anawatcha matchona. Ngakhale lero tili nao abale ku Lilongwe, ku Blantyre ndi ku Joni. Mau a pa lamya amveka kamodzi napita, koma pepala lokongola likhala pakhoma chaka chonse, ndi kumkumbutsa mwini wake za kumudzi. Chifukwa chake tiyeni tiphunzire kupanga khadi la moni.

Mwambo wa makhadi a Khirisimasi unachokera ku England. M'chaka cha 1843 munthu wina wa ku London, dzina lake Henry Cole, anapempha mmisiri wojambula, John Callcott Horsley, kuti amkonzere khadi la Khirisimasi. Anasindikiza makhadi 1,000, ndipo mitundu yake anapaka ndi manja. Ife tilibe makina osindikizira, koma tingathe kusema chidindo chathu.

Tengani patapata wakutha, mumtsuke, ndi kudulapo kachidutswa kosalala. Ngati palibe, dulani mbatata kapena chinangwa pakati. Koma dziwani kuti chidindo chotere chifota msanga, pamene cha labala chikhalitsa. Jambulanipo chinthu cha kwathu kuno: chambo, bwato, mlambe kapena nkhwazi. Munthu wokhala m'tauni akaona bwato, mtima wake ufika kudooko. Tsono semani ndi kampeni, kuchotsa zonse za m'mbali, kuti chithunzi chokha chitsale chotukuka. Mpeni uziloza kutali ndi zala zanu.

Pano pali chinthu chimene ana ambiri aphonya. Chidindo chimatembenuza zonse, monga achitira kalilole. Chambo choloza kudzanja lamanja pa chidindo chidzaloza kumanzere pa pepala. Kwa nsomba palibe kanthu, koma kwa mau ndi mlandu. Mukafuna kudinda mau akuti MONI, yambani kusema M kudzanja lamanja, ndi kutsiriza I kumanzere. M, O ndi I sasintha maonekedwe akatembenuzidwa, koma N asintha. Semani iye chotembenuza. Musanadinde, onetsani chidindocho pa kalilole. Mukawerengamo MONI bwino lomwe, mwakhoza.

Inki ikasowa, palani mwaye kunsi kwa mphika, muusakanize ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa, ndipo mupeza utoto wakuda. Katondo wosefa bwino apatsa utoto wofiira. Pindani kansalu, mukaike m'mbale, ndi kuthirapo utoto pang'ono. Gunditsani chidindo pa kansaluko, ndipo muchitsindike pa pepala lopinda pakati, osachigwedeza. Yambani mwayesa pa pepala lachabe, pakuti utoto ukachuluka chithunzi chifafanizika.

Chikauma, pakani madzi a nyanja ndi dzuwa ndi chekeni. M'mphepete mungamate tizidutswa ta makungwa ouma a nthochi, kapena kupaka phala lija ndi kuwazapo mchenga wosalala wa ku Senga Bay. Zigoba za nkhono musamatepo, chifukwa zilemera, ndiponso zisweka m'thumba la makalata.

M'katimo lembani mau ochepa ndi oona: kuti agogo ali bwanji, mpunga wacha kapena iai, usipa ukugwidwa kapena wasowa. Lembani dzina lanu ndi la mudzi wanu. Pa envulopu lembani keyala momveka, mumatepo sitampa, ndi kukaponya ku positi. Kapena mupatsire munthu wokhulupirika wopita komweko. Akulu anati, chibale ndi fupa, sichiola. Koma mbale wosamva za kwao zaka zambiri achita manyazi kubwerera, ndipo moni wa mwana ungathe kumchotsa manyaziwo.

Mafunso

1. Kodi matchona ndi anthu otani?
2. Henry Cole anasindikizitsa makhadi angati, ndipo m'chaka chiti?
3. Chifukwa ninji tisema N chotembenuza?
4. Tchulani mbale wanu wa kutali amene mudzamtumizira khadi lanu loyamba.