Phunziro 14: Mwana Wobadwa Wochepa Thupi

Mwana akabadwa, anamwino amamuika pa sikelo. Mwana wosakwana makilogalamu 2 ndi theka ndi wochepa thupi. Mwana wotere amayamwa mofooka ndipo sachedwa kudwala. Ku Tsangano, chisanu cha mwezi wa Juni chikhoza kumupha.

Vutoli limayamba mwana akadali m'mimba.

Malungo amachepetsa magazi a mayi, choncho mwana sakula bwino. Chindoko, mowa ndi kusuta fodya zimateronso. Mtsikana wosakwana zaka 18 thupi lake likadakula. Iye ndi mwana amalimbirana chakudya. Mayi wotumbiza amatenga pakati mphamvu zisanabwerere m'thupi.

Ku Macanga ntchito ya fodya imachuluka m'Januwale ndi m'Febuluwale. Nthawi imeneyo m'nkhokwe mwatha, udzudzu wachuluka. Mayi wapakati akaweramira m'munda tsiku lonse ndi njala, mwana amavutikira naye limodzi.

Ena amati mayi adye pang'ono kuti asadzavutike pobereka. Kumeneko n'kumana mwana chakudya.

Nanga ife tichite chiyani?

Tiperekeze amayi ku sikelo mimba ikadali ya miyezi 3. Kumeneko amayeza magazi, amapereka mapiritsi owonjezera magazi ndi mankhwala oteteza ku malungo. Amayi azigona mu neti usiku uliwonse. Tisagulitse nyemba, mtedza ndi mazira onse. Abambo tizisenza nkhuni ndi kutunga madzi. Tilere: papite zaka 2 mimba ina isanabwere.

Tikambirane:
1. M'mudzi mwathu, mayi wapakati amadya chiyani m'Febuluwale?
2. Ndani amamulandira ntchito zolemetsa?

Tilembe: sikelo, malungo, magazi, nyemba.