Mpeni Wopinda: Tigule Uti?

Anzanga, ndifuna kukambako za mipeni yopinda yotsika mtengo, pakuti ife ana a sukulu ndalama zathu nzochepa, ndipo mpeni woipa umatha ndalama, nthawi zina ndi chala chomwe. Ndayesa mipeni itatu ya anzanga posenda nzimbe ndi posema ndodo.

Woyamba ndi Okapi. Mpeni umenewu unayamba kupangidwa ku Solingen, m'dziko la Germany, m'chaka cha 1902, ndipo mu 1988 ntchito yake inasamukira ku South Africa. Kumsana kwake kuli chitsulo chokhala ndi kamphete. Mukautsegula umalira kuti kete-kete, nukhoma, ndipo supindikanso kufikira mutakoka kamphete kaja. Ena amauda chifukwa zigawenga za ku Joni zinautchukitsa, koma umenewo si mlandu wa mpeni.

Wachiwiri ndi Opinel wa ku France, umene Joseph Opinel anayamba kupanga mu 1890. Chitsulo chake nchopyapyala, ndipo posenda unaposa inzake yonse. Mu 1955 anauikira mphete yozungulira pakhosi, yoletsa mpeni kupindika pogwira ntchito. Chovuta chake nchakuti chigwiriro ncha mtengo. Chikanyowa chimatupa, ndipo kutsegula kwake mpaka chikhadabo kupweteka.

Wachitatu ndi uja wonyezimira wopanda dzina, umene tiuona pa msika. Maso amakopeka nawo ndithu! Tsono wa mnzanga unabuntha tisanathe nzimbe ziwiri, ndipo msomali wapakhosi unayamba kugwedera.

Nanga kusiyanaku kuchokera kuti? Kuli m'chitsulo. Chitsulo cha mpeni chimasakanizidwa ndi kaboni pang'ono, kenaka amachiwotcha nachiziziritsa msanga kuti chiume. Akapanda kuchita bwino ntchito imeneyi, mpeni umakhala wofewa, ungawale chotani. Chitsulo chosachita dzimbiri, chimene Harry Brearley wa ku Sheffield anapanga mu 1913, chiri ndi chromium yopitirira gawo limodzi mwa magawo 10. Imeneyo iletsa dzimbiri chabe, koma si chizindikiro chakuti mpeni ngwakuthwa. Okapi ndi Opinel za kaboni zimada ndi kuchita dzimbiri mukazisiya zonyowa, koma zimanoleka msanga pamwala, ndipo kadontho ka mafuta kakwanira kuzisunga.

Pogula, tsegulani mpeni, muugwedeze uku ndi uku. Ukagwedera m'sitolo, kumunda udzagwedera koposa. Kanikizaninso kumsana kwake, zala ziri kutali ndi kukamwa kwake, muone ngati chokhomera chigwira.

Ine ndikadasankha Okapi, pakuti ngwolimba ndipo upirira ntchito zakumudzi, ngakhale Opinel auposa kuthwa. Koma musanabwere nawo kuno, yambani mwafunsa Aphunzitsi Aakulu, chifukwa lamulo la sukulu pa mipeni si lofanana ndi la kwathu.