Tenda, simenti ndi mapepala: zomwe makontilakitala a mu Lilongwe amafunsa

Ndili ndi amisiri, mawilibala ndi galimoto. Ndingapikisane nawo pa tenda ya boma?

Zida pazokha sizikulowetsani. Kampani yanu ikhale yolembetsedwa, mukhale ndi chiphaso cha MRA chosonyeza kuti msonkho mumakhoma, mulembetsenso ku PPDA, yoyang'anira kagulidwe ka katundu wa boma, ndi ku bungwe loyang'anira zomangamanga lomwe tinazolowera kulitchula kuti NCIC. Kumeneko amakuikani m'gulu molingana ndi mphamvu zanu. Womanga mipanda ku Area 10 sangangodzuka n'kufuna ntchito ngati ya msewu wa Kenyatta, wolumikiza City Centre ndi Old Town.

Mapepala onsewa ndi a chiyani?

Kumbukirani 2013. Ku Capital Hill kunkatuluka macheke opita ku makampani omwe sanayale njerwa ndi imodzi yomwe, mpaka nkhani ya Cashgate inaphulika mu September, mkulu woona za bajeti ya boma Paul Mphwiyo atawomberedwa pageti la nyumba yake ku Area 43. Lamulo logulira katundu wa boma linalipo kale, la 2003 lija, koma anthu ankalidutsa m'mbali. La 2017 linabweretsa PPDA m'malo mwa ofesi yakale ya ODPP. Mapepala amatopetsadi, koma ndi omwe amasiya mapazi oti ofufuza atsate.

Wamtengo wotsika ndiye amapambana?

Ayi. Amayamba kuona ngati mwakwaniritsa zomwe chikalata cha tenda chinapempha. Mukaiwala kusaina fomu kapena kuika chikole, mwagwa mtengo wanu usanayerekezedwe n'komwe ndi wa anzanu.

Ndagwa, koma ndikuona kuti pachitika zachinyengo.

Musakadandaulire pa bawo. Lemberani msanga ofesi yomwe inaitanitsa tendayo, chifukwa masiku odandaulira ndi owerengeka. Akapanda kukumvani, pitani ku PPDA. Ngati wina anakupemphani kangachepe, imeneyo ndi nkhani ya ACB.

Simenti yakwera ntchito ili mkati. Andiwonjezera ndalama?

Apa ndi pomwe ambiri anathyokera msana. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023. Amene anatenga khotesheni ya zitsulo ndi malata mu msewu wa Malangalanga lero, atabwerera mawa anapeza mitengo ina. Ngati kontilakiti ili ndi ndime yolola kusintha mtengo, mupulumuka. Ngati munasaina mtengo wosasintha, musayembekezere chifundo cha aliyense. Werengani ndime imeneyo musanagwire cholembera, makamaka ntchito ikakhala yodutsa chaka. Kunena zoona, ambiri amangothamangira tsamba lomwe pali ndalama.

Bwana wina wandiuza pa foni kuti ndiwonjezere chipinda. Ndiyambe?

Musayambe. Dikirani kalata yosainidwa ndi amene kontilakiti inamupatsa mphamvu. Abwana amasamutsidwa, wobwerayo sadzakudziwani.

Ndamaliza, koma andisungira ndalama ina. Andibera?

Ayi, ndi chikole. Amaigwira mpaka nthawi yomwe munagwirizana itatha, kuti khoma likang'aluka kapena denga likayamba kudontha mubwere mudzakonze.

Ine ndikungomanga nyumba yanga ku Area 47. Zikundikhudza?

Lamulo la tenda za boma silikukhudzani, koma pulani yanu ivomerezedwe ndi Khonsolo ya Mzinda wa Lilongwe. Ndi mmisiri wanu mulemberane: maziko ndalama zakuti, kufika pa lintala zakuti, denga zakuti. Muzimulipira gawo likatha, osati lisanayambe.