Phunziro la Zaumoyo: Tamaliza Masabata 9 Othamanga, Nanga Tsopano Titani?



Phunziro la mwezi uno ndalembera inu amene mwangomaliza ndondomeko ya anthu oyamba kumene kuthamanga, komanso inu amene muli ndi mwana, mpongozi kapena mnansi amene wamaliza. Ambiri amatsata ndondomeko yotchedwa Couch to 5K, dzina limene likutanthauza kudzuka pampando mpaka kufika pothamanga makilomita 5. Anaikonza ndi Josh Clark wa ku America mu 1996, pofuna kuthandiza amayi ake, amene anali ndi zaka zopitirira 50, kuti nawonso ayambe kuthamanga. Pambuyo pake bungwe loona zaumoyo ku Britain, la NHS, linayamba kuifalitsa, ndipo lero anthu a m'mayiko ambiri amaitsata pa foni.

Mukukumbukira sabata yoyamba ija. Munkathamanga mphindi imodzi n'kuyenda mphindi imodzi ndi theka, koma wefuwefu wake ngati mwakwera phiri ndi ndowa pamutu. Pofika kumapeto kwa sabata ya 5 munathamanga mphindi 20 osaima, ndipo pa sabata ya 9 munakwanitsa mphindi 30. Mwachita bwino kwambiri, ndipo ndikukuyamikani.

Koma pa zaka zimene ndinagwira ntchito ya unamwino ndinaona kuti wodwala amakhala pangozi nthawi imene wayamba kupeza bwino. Wina amasiya mankhwala pakati, poganiza kuti wachira. Wina amathamangira kumunda thupi lisanalimbe, n'kubweranso kuchipatala atagona pa machira. Wothamanga watsopano ali ndi mayesero awiri omwewa: kusiyiratu chifukwa ndondomeko yatha, kapena kuwonjezera msanga chifukwa mtima wasangalala. Phunziro lathu likufuna kutithandiza kupewa zonse ziwiri.

1. Zimene zachitika m'thupi mwanu

Mtima ndi mapapo zimazolowera ntchito msanga. M'masabata ochepa mtima umayamba kupopa magazi ambiri pa kugunda kumodzi, n'chifukwa chake simukuchitanso befu monga poyamba paja. Koma mafupa, mawondo, akakolo ndi minyewa yolumikiza minofu ku mafupa zimalimba mochedwa, ndipo zimafuna miyezi ingapo. Ndiye kuti panopa chifuwa chanu chikukuuzani kuti mungathe zambiri, pomwe miyendo isanakonzeke. Ambiri amene amavulala bondo, msongolo kapena chidendene amavulala nthawi imeneyi.

Mbali inayo ndi yakuti mphamvu zimene mwapezazi sizisungika ngati chimanga m'nkhokwe. Mukakhala masabata awiri kapena atatu osathamanga, zimayamba kutsika. Sizitheratu nthawi imodzi ayi, koma mukalekerera miyezi, mudzayambiranso kutali.

2. Mwezi woyamba musawonjezere kanthu

Kwa masabata anayi otsatira, pitirizani monga munamalizira: mphindi 30, katatu pa sabata, n'kumasiya tsiku lopuma pakati. Musaone ngati mwaima malo amodzi. Malangizo amene bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, linatulutsa mu 2020 amati munthu wamkulu azichita masewera olimbitsa thupi apakatikati, monga kuyenda ndawala, mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kapena amphamvu, monga kuthamanga, mphindi 75 mpaka 150. Inu mukathamanga mphindi 30 katatu, zikukwana 90. Mwafika kale pa mlingo wofunika, ndipo mlingo umenewu umathandiza kupewa matenda a mtima, kuthamanga kwa magazi ndi shuga.

Ntchito ya mwezi umenewu ndi kusandutsa kuthamanga kukhala chizolowezi. Kale foni ndiyo inkakuuzani tsiku ndi mphindi. Tsopano sankhani nokha masiku atatu, mwachitsanzo Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, muwalembe pa kalendala ndipo apabanja panu awadziwe. Kukagwa maliro kapena mukadwazika, n'kuphonya sabata yathunthu, musadziimbe mlandu. Bwererani ndi mphindi 20, sabata yotsatira mufikenso pa 30.

Za liwiro, muyeso wake ndi pakamwa panu. Ngati mungathe kucheza ndi mnzanu uku mukuthamanga, muli bwino. Ngati mukungotulutsa liwu limodzilimodzi, chepetsani. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika.

3. Kenako sankhani chinthu chimodzi

Mwezi uja ukatha, sankhani chimodzi mwa zinthu zinayi izi. Musaphatikize ziwiri nthawi imodzi.

Choyamba, kufika makilomita 5. Ambiri amadandaula kuti anamaliza ndondomeko koma mtundawo sanaukwanitse. Palibe cholakwa. Kuti munthu athamange makilomita 5 pa mphindi 30, afunika kumaliza kilomita iliyonse pa mphindi 6, ndipo limeneli ndi liwiro lalikulu kwa woyamba kumene. Ingowonjezerani mphindi zitatu kapena zisanu pa tsiku limodzi la sabata, mpaka mutafika, ngakhale zitakutengerani mphindi 40 kapena 45.

Chachiwiri, kutalikitsa mtunda kupita ku makilomita 10. Aphunzitsi a zothamanga amakonda kulangiza kuti munthu asawonjezere zoposa gawo limodzi mwa magawo 10 pa sabata. Ngati sabata ino munathamanga mphindi 90 zonse pamodzi, sabata yamawa zisapitirire pa 100. Tsiku limodzi lokha ndilo lizikhala lalitali, enawo azikhala monga kale. Sabata yachinayi iliyonse bwererani m'mbuyo pang'ono kuti thupi lipume. Mukatero, miyezi iwiri kapena itatu idzakufikitsani. Kuyenda mphindi imodzi pakati si kugonja.

Chachitatu, kuwonjezera liwiro. Izi muzichita tsiku limodzi lokha pa sabata. Yambani ndi mphindi 10 zothamanga pang'onopang'ono. Kenako thamangani mofulumirako mphindi imodzi, yendani mphindi ziwiri, ndipo bwerezani kasanu. Malizani ndi mphindi 5 zoyenda.

Chachinayi, kukhala pomwe mulipo. Mayi amene akuthamanga mphindi 30 katatu pa sabata, chaka ndi chaka, wapindula kuposa amene anafika makilomita 10 mwezi umodzi n'kugona ndi bondo miyezi itatu.

4. Limbitsani miyendo ndi chiuno

WHO imalangizanso kuti tizilimbitsa minofu masiku awiri pa sabata, ndipo a zaka 65 kupita m'tsogolo aziwonjezera zowathandiza kuti asamagwe, masiku atatu pa sabata. Sizifuna zipangizo. Khalani pampando n'kudzuka osagwira kanthu, ka 10. Gwirani khoma, nyang'amani pa zala za kumapazi n'kutsika pang'onopang'ono, ka 15. Gonani chagada pamphasa, pindani mawondo, kwezani chiuno m'mwamba n'kuchitsitsa, ka 10. Imani ndi mwendo umodzi kwa theka la mphindi, kenako winawo. Bwerezani zonsezi kawiri. Kulima ndi kusenza madzi ndi ntchito zamphamvu ndithu, choncho tsiku limene mwakhala kumunda tsiku lonse musaliwerenge ngati tsiku lopuma.

5. Nkhani zathu ife amayi

Pali zina zimene timachita nazo manyazi, koma pano tili tokha. Amayi ambiri amene anabereka amadontha mkodzo akamathamanga, kutsokomola kapena kuseka. Chimachititsa ndi kufooka kwa minofu ya pansi pa chiuno, imene imagwira chikhodzodzo ndi chiberekero. Minofu imeneyi imalimba mukamaiphunzitsa. Finyani ngati mukuletsa mkodzo ndi mpweya kutuluka, gwirani mukuwerenga mpaka 5, masulani, ndipo bwerezani ka 10, katatu pa tsiku. Musamachite izi pamene mukukodza. Kusintha kumaoneka pakatha miyezi itatu. Mukamva kulemera kumusi ngati china chikutsika, lekani kuthamanga ndipo mukaonane ndi achipatala. Musachepetse kumwa madzi poopa kudontha.

Amene wangobereka kumene adikire miyezi yosachepera itatu asanayambirenso kuthamanga, ndipo ngati anachitidwa opaleshoni afunse kaye kusikelo. Amene amataya magazi ambiri kumwezi, ngati akutopa msanga, mtima kugunda kwambiri, m'manja ndi m'maso moyera, akayezetse magazi. Nyemba, soya, bonongwe, chisoso, usipa ndi chiwindi zimathandiza, makamaka mukadyera limodzi ndi zipatso monga malalanje, magwafa kapena malambe. Ife amene tinasiya kusamba, mafupa athu amayamba kufooka chifukwa cha kusintha kwa m'thupi. Kuthamanga kumawalimbitsa, koma tiziwonjezera mochedwa kuposa atsikana. Pezaninso bra yogwira bwino mabere, ndipo ngati palibe, valani ziwiri.

6. Ululu woti mupirire ndi ululu woti muime

Kuphwanya kwa minofu mbali zonse ziwiri, kumene kumabwera mawa lake n'kutha pa masiku awiri kapena atatu, n'kwachibadwa. Koma ululu wa malo amodzi, umene mungauloze ndi chala, umene ukukula pamene mukuthamanga kapena kukuchititsani kutsimphina, umenewo ndi chenjezo. Pumani masiku angapo. Ukapitirira sabata kapena pakatupa, pitani kuchipatala.

Imani nthawi yomweyo ndipo mufune thandizo mwamsanga mukamva kupweteka kapena kuthina pachifuwa, ululu wotsikira ku mkono kapena kukwera ku chibwano, chizungulire, kukomoka, kubanika kosazolowereka, kapena mtima kugunda mosalongosoka. Kwa ife amayi, vuto la mtima nthawi zina limabwera ngati nseru, thukuta lozizira ndi kufooka kwadzidzidzi basi.

Amene mumamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi, musasiye chifukwa choti mwayamba kuthamanga. Wochepetsa mankhwala ndi dokotala, atakuyezani. Amene muli ndi shuga, makamaka obaya insulin, tengani switi kapena shuga pang'ono m'thumba, chifukwa shuga wa m'magazi angathe kutsika mwadzidzidzi, ndipo muziyang'ana mapazi anu tsiku lililonse ngati pali chilonda kapena thuza. Thupi likatentha, kaya ndi malungo kaya chimfine, musathamange. Mukachira, yambani ndi kuyenda.

7. Nsapato, madzi ndi msewu

Nsapato yabwino ndi imene ikukukwanani, yosiya mpata wa chala chachikulu cha kumanja kutsogolo kwa zala za kumapazi. Yesani madzulo, pamene mapazi atupako. Ngati mukugula pa kaunjika, yang'anani pansi pake: ikakhala yotha mbali imodzi kapena yophwatalala, isiyeni ngakhale pamwamba ikuwala.

M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala, thamangani m'mamawa dzuwa lisanakwere. Imwani madzi tsiku lonse. Mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ndiponso wochepa, thupi likusowa madzi. Mumsewu khalani kudzanja lamanja kuti muziona magalimoto, njinga zamoto ndi akabaza amene akubwera kutsogolo kwanu, ndipo valani zowala. Bwalo la sukulu kapena njira yadothi yosalala ndi yabwino ku mawondo kuposa phula.

8. Musathamange nokha

Paja liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi. Pa 2 Okutobala 2004, Paul Sinton-Hewitt anasonkhanitsa anthu 13 ku Bushy Park mumzinda wa London kuti athamange makilomita 5. Msonkhano umenewu ndiwo unabala parkrun, imene imachitika Loweruka lililonse m'mawa, kwaulere, ndipo oyenda pansi amalandiridwanso. Ku South Africa inayamba mu 2011, ku Johannesburg. Ngati muli ndi ana kapena abale ku Britain kapena ku South Africa, auzeni afufuze yapafupi ndi kwawo.

Ife tingatengepo nzeru yake. Amayi atatu kapena anayi a dera limodzi agwirizane tsiku, nthawi ndi malo okumana. Wofulumira azibwerera kudzatenga wa m'mbuyo, ndipo wina akajomba kawiri, mnzake akamuone. Gulu limatetezanso, chifukwa mayi sayenera kuthamanga yekha kukadali mdima. Ndipo mawu a anthu a m'njira, akuti mayi wamkulu ngati ameneyu akuthamangira chiyani, sapweteka mukakhala anayi.

Mafunso okambirana

1. Mwa mayesero awiri aja, kusiya ndi kuwonjezera msanga, ndi ati amene ali pafupi ndi inu, ndipo chifukwa chiyani?
2. Kodi ndi ntchito ziti zapakhomo zimene zingakulepheretseni, ndipo ndani angakuthandizeni kuti mupeze mphindi 30?
3. Kodi munayezetsa liti komaliza kuthamanga kwa magazi ndi shuga?
4. Tingamulimbikitse bwanji mayi amene akufuna kuyamba koma akuopa kusekedwa?

Zochita mwezi uno

Lembani masiku anu atatu pa kalendala ndipo pezani mnzanu mmodzi. Sungani kabuku kolembamo tsiku, mphindi zimene mwathamanga ndi mmene thupi linamvera. Amene simunayezetse magazi chaka chino, pitani sabata ino. Pokumana mwezi wamawa mubwere ndi kabuku kanu, tidzathandizane kusankha chimodzi mwa zinthu zinayi zija.

 Mukhale ndi thanzi labwino pamodzi ndi mabanja anu.