Za Kamfuno

Abale, m'nyengo ya cilimwe, pamene dzuwa litentha kuno ku Nkhotakota, tiona ana ambiri alikutuluka kamfuno. Tisafulumire kunena za ufiti. M'kati mwa mphuno muli timitsempha tating'ono. Tikauma ndi kutentha, kapena mwana akatokosamo ndi cala, kapena akamina kolimba pa cimfine, timang'ambika.

Timkhazike pansi mwanayo, awerame pang'ono, atsine mphuno mphindi 10, napume ndi pakamwa. Asagadamitse mutu, mwazi ungatsikire kummero.

Koma kamfuno kobwera kawiri-kawiri kwa munthu wamkulu, kapena kodza ndi malungo, kapena kosaleka zitapita mphindi 20, ndiko koopsa: kapena mwazi ulikuthamanga kopambana, kapena suundana bwino. Wotereyo tipite naye msanga ku cipatala ca St Anne's.