Phunziro la Masamu: Miyeso Inayi ya Nambala mu Statistics

Teremu ikatha, makolo ambiri amayamba kufunsa kuti, "Wakhala nambala chani?" Funsoli n'labwino, koma likhoza kutisocheretsa. Mwana wokhala nambala 2 akhoza kusiyana ndi nambala 1 ndi malikisi awiri okha, pomwe wa nambala 3 ali kumbuyo ndi malikisi 40. Komiti ikamasankha ana oti iwalipirire fizi poyang'ana nambala yokha, ikhoza kulakwira mwana wakhama. N'chifukwa chake tiyenera kudziwa kuti nambala iliyonse ikuimira chiyani tisanayambe kuiwerengera.

M'chaka cha 1946, katswiri wa ku America, S. S. Stevens, anagawa miyeso m'magulu anayi: nominal, ordinal, interval ndi ratio.

1. Nominal: nambala yongokhala dzina

Pa kalembera wa anthu wa 2018, amene anachititsa a National Statistical Office a ku Zomba, munthu aliyense ankafunsidwa mtundu wake, chipembedzo chake ndi dera lake. Polowetsa mayankho otere mu kompyuta, yankho lililonse limapatsidwa nambala. Tiyerekeze kuti pasukulu pano talemba 1 kwa ochokera kwa Njolomole, 2 kwa Kwataine ndi 3 kwa Ganya. Kodi Ganya waposa Njolomole katatu? Ayi. Avereji ya nambalazi ilibe tanthauzo. Chimene tingachite ndi kuwerenga ana a dera lililonse, n'kuona dera lomwe lili ndi ambiri.

2. Ordinal: nambala ya ndandanda

Pano pali woyamba ndi wotsatira, koma mipata yake siyofanana. Magiredi a MSCE ochokera ku MANEB ndi otere: 1 ndi 2 ndi distinction, 3 mpaka 6 ndi credit, 7 ndi 8 ndi pass, 9 ndi kulephera. Tikudziwa kuti 2 ndi yabwino kuposa 4, koma sitinganene kuti wopeza 2 akudziwa kawiri kuposa mnzake. Ngakhale mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi amaphatikizidwa, ana awiri a mapointi ofanana akhoza kusiyana kwambiri m'malikisi enieni.

3. Interval: mipata yofanana, ziro wongogwirizana

Tiyerekeze kuti m'mawa wa June ku Tsangano kwazizira madigiri 10, pomwe masana a October ku Bwanje kwatentha madigiri 30. Kusiyana kwake ndi madigiri 20, ndipo kuchotsera kotere n'kololedwa. Koma kunena kuti ku Bwanje kwatentha katatu n'kulakwa, chifukwa ziro wa Celsius ndi pamene madzi amaundana, osati pamene kutentha kwatheratu. Pa muyeso wa Fahrenheit nambala zomwezi ndi 50 ndi 86, ndipo "katatu" uja wasowa. Zaka za pa kalendala zilinso m'gululi. Kalendala ya Hijri inayambira pa msamuko wa ku Makka kupita ku Madina m'chaka cha 622, koma nthawi inalipo kale msamukowo usanachitike.

4. Ratio: ziro weniweni

Makilogalamu, makwacha, msinkhu ndi mtunda zili ndi ziro wotanthauza kuti palibe kanthu. Wogulitsa matumba 20 a kachewere pa Lizulu wagulitsadi kawiri kuposa wa matumba 10. Pano tikhoza kuphatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa ndi kugawa. N'chifukwa chake Zakat ya zokolola imawerengeka bwinobwino: chimanga cholimidwa ndi mvula chikakwana nisab, amachotsa gawo limodzi mwa magawo 10, ndipo chothirira movutikira, limodzi mwa magawo 20. Wokolola matumba 30 a makilogalamu 50 m'munda wa mvula apereka matumba atatu.

Ntchito ya kunyumba

Lembani gulu la chilichonse mwa izi, ndipo mufotokoze chifukwa chake: nambala ya pa jezi ya wosewera mpira, kalasi ya Fomu 1 mpaka 4, chaka chimene munabadwa, zaka zimene muli nazo, ndi ndalama ya minibasi kuchokera pa Ntcheu boma kukafika ku Balaka. Samalani ndi lachitatu ndi lachinayi, chifukwa sizili m'gulu limodzi. Makolo, lipoti la mwana likabwera, onaninso malikisi a phunziro lililonse musanamuyamike kapena kumudzudzula.